Kalata kwa akonzi a magazini ya galimoto zakale: Cortina ija sinadzikonze yokha

Akonzi olemekezeka, pamodzi ndi inu atsogoleri a makalabu a galimoto zakale muno mu Johannesburg,

Landirani moni. Ine ndine Mmalawi, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo muno mu Joni ndakhalamo zaka 16. Ntchito yanga ndi yowongola ndi kuwotcherera bodi za galimoto pagalaja ina ya kumbali ya Booysens. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Ndikufuna anzanga amene ndimagwira nawo ntchito ayambe ndiwo kuiwerenga, aone ngati ndanama penapake, kenako mwana wanga wamkazi, amene sukulu yake waphunzira konkuno, aimasulire m'Chingerezi n'kukutumizirani. Dzina la magazini yanu sinditchula, la galaja yathu ayi, la mwini galimoto ayinso. Sindikufuna kuchititsa munthu manyazi, ndiponso khalidwe limene ndikudandaula nalo silili mwa inu nokha. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndayamba ndine.

Magazini yanu inafika pagalaja Lolemba m'mawa. Anabwera nayo ndi kapitawo wathu, ali kumwetulira. Pachikuto panali Ford Cortina XR6 yofiira ya 1982, itaima pamsewu wafumbi dzuwa likulowa. Tonse tinaizindikira tisanawerenge n'komwe nambala yake. Tinasiya zida, tinakasamba m'manja ndi sopo kuti tisadetse mapepala ndi girizi, n'kuunjikana pabenchi. Munaipatsa masamba 8. Zithunzi zinali zokongola, ndipo wojambula wanu ndimuyamikire pano: anadziwa poima kuti mzere wa m'mbali mwa galimoto uoneke wowongoka kuchokera ku nyali yakutsogolo mpaka kumbuyo. Mzere umenewo unandidyera masabata atatu.

Mnyamata wathu wa ku Mulanje ndiye anatiwerengera mokweza, poti Chingerezi chake n'chosalala. Munalemba za mwini wake, kuti bambo ake anali ndi galimoto ngati yomweyo iye ali mwana, ndiponso mmene anaifunira zaka zambiri. Munatchula kampani yopanga penti, mtundu wa matayala, ngakhale kumene kunachokera nsalu ya mipando. Pofika pa ntchito yeniyeni munangoika mzere umodzi wonena kuti mwini wakeyo anaikonza kwa miyezi 14 mothandizidwa ndi galaja ina ya kumwera kwa mzinda. Mnyamata uja anatembenuza tsamba kufuna kuona ngati nkhani ikupitirira. Panali chithunzi cha chiwongolero, kenako malonda a inshuwalansi.

Galimoto imeneyo tinaigwira anthu asanu. Ine bodi. Madala ena a ku Mangochi, amene anayamba umakaniko ku Ndirande ine ndisanabadwe, injini ndi giya bokosi. Mnyamata wa ku Mulanje uja kupala ndi kupopera penti. Mawaya onse anawaluka mwatsopano ndi mbale wathu wa ku Tete, ku Mozambique, amene timamvana naye bwinobwino m'Chinyanja. Mipando anasoka ndi mayi ena a ku Soweto, amene ali ndi mashini awo kuseri kwa nyumba. Mwini galimoto analipira zonse, pa nthawi yake, ndipo amaikonda ndi mtima wonse. Ankabwera Loweruka lililonse, nthawi zina atanyamula nkhuku yootcha ndi zakumwa. Ndi munthu wabwino. Koma sipana sanagwirepo, ndipo ndikhulupirira kuti mukanamufunsa akanakuuzani yekha.

Ndikuuzeni mmene galimotoyo inafikira, poti m'magazini mwanu munangoonetsa kachithunzi kamodzi kakang'ono ka mmene inalili kale. Inachokera ku Durban itanyamulidwa pa lole. Inuyo mukudziwa kusiyana kwa galimoto ya kuno kumtunda ndi ya kugombe: kuno mpweya ndi wouma, chitsulo chimakhalitsa, pamene kunyanja mchere umadya galimoto kuyambira mkati. Kunja inkaoneka ngati yabwinoko. Nditagogoda pansi pa chitseko ndi kanyundo, phokoso lake linali lakufa, ngati ukumenya khoma la dothi. Titapala tinapeza kuti wina anatseka mabowo ndi nyuzipepala ndi waya wa nkhuku, n'kumatapo fila wokhuthala ngati chala. Pansi pomwe woyendetsa amaponda, nditachotsa kapeti, ndinkaona simenti ya m'galaja. M'buti, pokhala tayala la sipeyala, dzimbiri linkangoyoyoka m'manja ngati chikonyo chowola. Kwathu tikanangoti ichi n'chiphapha, ana aziseweramo.

Zitsulo za bodi ya Cortina sungangolowa m'sitolo n'kugula. Zina zimapezeka kwa ophwasula galimoto, koma nazonso zimakhala zitadyeka malo omwewo. Ndiye ndinadula katoni kutengera mbali imene inatsalako yabwino, n'kujambula pa chitsulo chatsopano, n'kuchipinda pang'onopang'ono ndi nyundo pa chitsa cha mtengo chimene ndinachikumba pakati. Powotcherera chitsulo chopyapyala chotere suyendetsa moto ulendo umodzi. Ukatero chimatentha n'kupindika, ndipo sungachibwezenso. Umadontheza kadontho apa, n'kulumpha kukadontheza patali, n'kudikira pazizire, kenako kubwerera, mpaka timadontho tonse titakumana. Tsiku lathunthu limatha uli pa mbali imodzi. Ukamaliza umayala kansalu pa chikhatho n'kusisita, maso utatseka, chifukwa dzanja limamva chotupa chimene diso silingaone. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, ndipo ine ntchito yanga yonse ndi imeneyo.

Madala aja nawo anali ndi nkhondo yawo. Injini ya XR6 ndi Essex V6 ija ya malita 3, imene Ford inapitiriza kupanga ku Port Elizabeth zaka zambiri ku England atasiya kale. Aliyense woidziwa amadziwa matenda ake awiri: giya ya taimingi ya mano a faiba imene imagweluka ikakalamba, ndi kachitsulo ka ngodya 6 koyendetsa pampu ya oyilo, kamene kakaperepeseka injini imauma uli pa liwiro. Madala anasintha zonse ziwiri mwini wake asanadziwe n'komwe kuti kuli zinthu zotere. Ndiye panabwera kabyuleta ya Weber. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, moti injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zake poyerekeza ndi kugombe. Galimoto yochunidwa ku Durban ikafika kuno imamwa petulo wambiri n'kumadetsa mapulagi. Madala anakhala masiku awiri akusintha majeti, kuliza injini, kumasula pulagi, kuyang'ana mtundu wake padzuwa, kubwezera. Alibe kompyuta. Amaika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake pakhutu, n'kumvetsera. Wolemba wanu anayamikira mmene injiniyo imalirira mosadodoma ikangoyatsidwa m'mawa kukuzizira. Anali kuyamikira khutu la madala amenewa.

Tsopano ndinene mmene anthu anailandirira magazini yanu, chifukwa nafenso ndife owerenga anu, ngakhale kuti timagula imodzi n'kumapatsirana.

Madala sananene kanthu. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa chithunzi cha injini, analoza ndi chala kapaipi kamene anakapinda okha, kenako anavula magalasi n'kubwerera kunsi kwa galimoto ina. Mbale wa ku Tete anangoti ndi mmene zimakhalira. Amene anandigwetsa mphwayi ndi mnyamata uja. Iye anasangalala kwambiri, anajambula chikuto ndi foni n'kutumizira amayi ake ku Mulanje pa WhatsApp, kuwauza kuti penti ameneyu wapopera ndi iye. Madzulo amayi ake anayankha ndi mawu ojambula, ndipo anatimvetsera tonse. Anati: "Zikomo mwanawe, yokongoladi. Nanga iweyo uli pati pamenepa? Ndaonetsa amalume ako, akuti sakukuona." Mnyamatayo anaseka pang'ono, n'kuika foni m'thumba. Kuyambira tsiku limenelo magaziniyo sanaigwirenso.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville ndinaitenga kukaonetsa anzathu kumene timakumana kudya nsima. Kumeneko maganizo anagawanika, ndipo ndikuuzani onse mosabisa, ngakhale otsutsana nane. Achimwene ena oyendetsa thiraki anandifunsa kuti, kodi ndalama zako sunalandire? Womanga nyumba salembedwa dzina pakhoma, iweyo ukufuna chiyani? Amayi ena ogwira ntchito m'nyumba ku Sandton anawayankha kuti mawu amenewo ndi amene atisunga kukhitchini zaka zonsezi. Koma amene anandipatsa maganizo kwambiri ndi mkulu wina wa mpingo. Iye anati, mwana wanga, dzina m'magazini ndi nyali, ndipo si aliyense amene akufuna kuunikidwa. Ena mapepala awo ali m'njira, ena anatha. Anatikumbutsa za May 2008, pamene chipwirikiti chodana ndi alendo chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndi mabasi amene anatengera anthu kumudzi ali ndi zovala za m'thupi zokha. Anati mlendo akatchuka pa ntchito, ena amati walanda malo.

Mawu amenewo ndi oona, ndipo ndawasinkhasinkha usiku wambiri ndisanalembe. Yankho langa ndi ili: mantha amenewo ndi athu, ndipo woyenera kusankha ndi mwini dzina. Mukanabwera n'kutifunsa, mwina awiri akanakana, atatu akanavomera. Wokanayo mukanangolemba kuti wowotcherera wa ku Malawi, kapena kujambula manja ake okha. Chimene chinachitika n'chakuti palibe anafunsidwa. Wolemba wanu anafika pagalaja tsiku lojambula, anatipatsa moni mwaulemu, ndipo anatipempha tisunthe kompulesa ndi kuima pambali kuti tisaoneke m'galasi la chitseko. Tinasuntha. Ine ndinaima kuseri kwa chipilala, ndikuyang'ana chitseko chimene ndinachipachika kasanu ndi kawiri chisanakhale bwino.

Mwezi wotsatira ndinagula magazini ina ndi ndalama zanga kuti ndione makalata a owerenga. Analipo ambiri onena za Cortina ija. Wina anadandaula kuti marimu si a chaka chimenecho. Wina anatsutsa kuti kufiira kwake kwapitirira pang'ono. Awiri anakangana za Interceptor, XR6 yapadera ija ya makabyuleta atatu, ngati inali yothamangadi kuposa zinzake za nthawi imeneyo. Ndinawerenga zonse mokondwa, chifukwa mikangano yotere nafenso timaikonda pa nkhomaliro. Ndiye panali kalata ina ya bambo wachikulire amene anati anagwirapo ntchito pafakitale ya Ford, ndipo sanaonepo Cortina yotuluka m'fakitale mipata ya zitseko zake ili yofanana chotero. Anamaliza ndi kuyamikira mwini galimoto chifukwa cha luso lake. Bambo ameneyo sanalakwe. Anayamikira munthu yekhayo amene inu munamuonetsa. Owerenga anu ndi anthu a maso akuthwa, amaona bawuti yolakwika pachithunzi, ndipo ndikhulupirira kuti akanakonda kudziwa mmene mpata wa chitseko umapezekera. Munawamana nkhani imene akanaikonda koposa.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti inu mayina mumawasunga bwino kwambiri mukafuna. M'magazini mwanu ndimo ndinaphunzira za Basil Green, amene muno mu Johannesburg anaika injini ya V8 ya malita 5 mu Ford Capri n'kuitcha Perana mu 1970. Ndimo ndinadziwira za Basil van Rooyen ndi Chevrolet Firenza Can-Am ya 1973, imene anangopanga 100. Mumatiuza za BMW 333i ya ku Rosslyn, imene injini yake inadzaza malo mpaka wogula ankasankha chimodzi, choziziritsa mpweya kapena chiwongolero chofewa. Mumadziwa amene anapambana pa bwalo la mpikisano wa galimoto la Kyalami chaka ndi chaka, kuyambira Jim Clark mu 1968 mpaka Jody Scheckter mu 1975. Anthu amenewa ndi oyeneradi kukumbukiridwa, ndipo ine ndimawalemekeza. Koma galimoto zonsezi zinadutsa m'manja mwa anthu ena ambirimbiri ku Rosslyn, ku Uitenhage, ku Port Elizabeth, ku East London, ndipo ambiri mwa iwo akukalamba m'malokeshoni popanda wowafunsa mmene zinkakhalira pa mzere wa fakitale.

Pali galimoto imodzi yokha imene ndikudziwa kuti mbiri yake imayambira pa antchito. Mu 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende, antchito a pafakitale ya Mercedes-Benz ku East London anamupangira 500SE yofiira, akugwira maola owonjezera osalipidwa. Lero ili ku Apartheid Museum, mtunda wochepa kuchokera pagalaja yathu. Ndinapitako ndi mwana wanga, ndipo ndinaima nthawi yaitali pambali pake. Sindinkayang'ana kukula kwake. Ndinkayang'ana mizere ya zitseko, poganiza kuti munthu wina ngati ine anaisisita ndi chikhatho. Galimoto imeneyo anthu amaikonda chifukwa akudziwa amene anaipanga ndi chifukwa chake. Cortina yathu si ya Mandela, koma nayonso ili ndi anthu ake.

Mwina mudabwa kuti nkhani ya dzina ikundipweteka chotere bwanji. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela, ngati Amalawi ena oposa 100,000 amene anali m'migodi ya dziko lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ankatiuza kuti kumgodi munthu ankadziwika ndi nambala ya pa chibangili cha padzanja. Nambala ndiyo inkalandira malipiro, nambala ndiyo inkagona m'chipatala. Anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chifuwa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Agogo ankati golide yense wa mu Joni ali ndi thukuta lathu, koma ukafufuza m'mabuku sudzapezamo dzina la munthu wa ku Ntcheu. Ine ndinabwera ndi basi, ndi pasipoti yanga, ndi luso langa m'manja. Ndinkaganiza kuti za nambala zinatha ndi agogo.

Ndiye ndikupemphani zinthu zingapo, ndipo choyamba ndi chosavuta konse. Mukamalemba za galimoto yokonzedwa, funsani mwini wake kuti bodi anagwira ndani, injini ndani, penti ndani, mipando ndani. Kenako pitani kwa anthuwo mukawafunse ngati akufuna kutchulidwa. Kabokosi kakang'ono kamene mumalembamo kukula kwa injini ndi liwiro lake kakhoza kulandira mizere ina inayi. Kwa inu ndi inki pang'ono. Kwa mnyamata wa ku Mulanje uja ndi umboni woti akafuna ntchito kwina, kapena akadzabwerera kumudzi kukatsegula galaja yake ku Limbe, adzatsegula tsamba n'kunena kuti ntchito yanga ndi iyi. Ambirife tilibe satifiketi ya kuno. Ena anaphunzira pansi pa mtengo ku Ndirande kapena ku Biwi ku Lilongwe, ena ali ndi mapepala a ku Soche Technical College amene kuno amafunika kukawaunikitsa kaye ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi. Dzina losindikizidwa pambali pa ntchito yooneka ndi maso limalankhula kumene pepala kulibe.

Inu a makalabu, pa zionetsero zanu mumapereka zikho kwa eni galimoto. Ndakhalapo pa zionetsero zotere kangapo, nditabwera ndi nsalu yopukutira, ndipo chikho chikamaperekedwa ndimakhala ndili kumbuyo kwa tenti. Sindikupempha kuti mulande chikho kwa mwini wake. Ndikupempha kuti pa kapepala kamene mumaika pagalasi lakutsogolo pakhale malo a mayina a okonza, ndiponso kuti mwini galimoto apatsidwe matikiti awiri owonjezera a anthu ake. M'makalabu mwanu muli akatswiri opuma ntchito amene amadziwa njira yoti munthu waluso koma wopanda pepala akayesedwe mayeso a ntchito zamanja ku Olifantsfontein. Mmodzi yekha atadzipereka Loweruka limodzi pamwezi kuthandiza anyamata kulemba mafomu ndi kukonzekera, pakutha pa chaka pakhoza kukhala kusintha. Mumadandaula m'magazini kuti luso lopinda chitsulo ndi manja likutha, achinyamata sakulifuna. Silinathe. Lili ku Booysens, ku Jeppestown, ku Selby, ndipo likulankhula Chichewa, Chishona, Chishangani ndi Chizulu.

Nkhani ina imene ndikufuna mulembe, ndipo iyi ndiyo yandikhalitsa pansi usiku uno, ndi ya chifuwa. Penti wa 2K amene amawalitsa galimoto za pachikuto chanu ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amayambitsa mphumu yosachiritsika. Kansalu ka pamphuno sikateteza, ndipo ngakhale masiki wamba wa makala sakwanira bwino. Chofunika ndi masiki wolandira mpweya kuchokera panja, m'chipinda chopoperamo chokoka utsi. M'magalaja ambiri ang'onoang'ono anyamata amapopera atamanga sikipa kumaso, n'kumamwa mkaka pambuyo pake poganiza kuti utsuka m'chifuwa. Sutsuka. Mabuleki ndi makilachi a galimoto zakale nawo ambiri ali ndi asibesitosi, amene dziko lino linaletsa mu 2008, koma akadali m'madiramu a mabuleki a galimoto zimene zakhala m'mashedi zaka 30. Mnyamata wosadziwa amauzira fumbi limenelo ndi paipi ya kompulesa, galaja yonse n'kupuma. Ndili ndi mnzanga wa ku Balaka amene anapopera penti zaka 10, lero sangakwere masitepe a nyumba imodzi osapumira. Anabwerera kumudzi chaka chatha. Owerenga anu ndiwo amasankha kokakonzetsa, ndipo ndiwo ali ndi ndalama. Mutawaphunzitsa kufunsa kuti wopopera galimoto yanga wavala chiyani kumaso, eni magalaja angamve msanga kuposa mmene amamvera ife. Lamulo la chitetezo pa ntchito la 1993 lilipo, koma woyendera safika kuseri kwa mpanda uliwonse. Kasitomala amafika.

Chomaliza ndi cha galimoto zimene mumasankha. Sindikudana ndi Jaguar kapena Porsche, ndazigwirapo ndipo ndi zokoma kugwira. Koma tsiku lina lembaniko za Valiant, imene inagulidwa kwambiri kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kenako n'kukhala takisi ya m'malokeshoni, kunyamula anthu opita kuntchito mbandakucha. Lembani za Nissan 1400, kabaki kamene kanapangidwa mpaka 2008 ndipo kakusenzabe zitsulo ndi masofa m'misewu yonse ya mzinda uno. BMW 325iS mumailemba ngati galimoto ya mpikisano, koma pitani ku Soweto mukamve chimene dzina lake loti Gusheshe limatanthauza kwa anthu a kumeneko, mukafunse amene amazisunga zamoyo. Ndipo lembani za Peugeot 404. Inapambana East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kuipanga mpaka 1991. Kwathu inali galimoto ya aphunzitsi aakulu, ya abambo a mishoni, ya matola. Ine ndinabadwira kuchipatala chifukwa 404 ya mwini chigayo inanyamula amayi anga usiku pa msewu wamatope umene galimoto zina zinkakana. Ndikapita ku James Hall Museum of Transport ku La Rochelle, imene yakhalapo kuyambira 1964, ndimaona anthu akuda ambiri ndi ana awo akuloza galimoto n'kumati agogo ako anali ndi ngati iyi. Anthu amenewo akhoza kukhala owerenga anu mawa atadziona m'masamba anu.

Ndatchula 404 pa chifukwa china. Kumbuyo kwa galaja yathu, pansi pa lona, pali pikapu ya 404 imene ine ndi madala aja tinagula mosonkherana kwa mlimi wina wa ku Free State. Bwana anatilola kuisunga pamenepo ndi kugwiritsa ntchito zida zake tikaweruka. Takhala tikuigwira Loweruka masana kwa zaka ziwiri. Pansi ndamaliza, zitseko zatsala. Injini inalira koyamba mwezi wathawu, ndipo madala anavula chipewa. Cholinga chawo n'chakuti ikatha adzaiyendetse okha kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kukalowera pa Mwanza mpaka ku Mangochi, akapume ntchito. Ali ndi zaka 67 ndipo maso ayamba kuchita chifunga, choncho tikufulumira.

Ngati mukufuna kuiona, mwana wanga adzaika nambala yanga ya foni pa kalata ya Chingerezi ija. Bwerani Loweruka ikangokwana 1 koloko, mubwere ndi wojambula yemwe uja. Muvale nsapato zoti zikhoza kuda. Madala ndawafunsa kale, akuti dzina lawo mukhoza kulemba lonse, ndi la mudzi wawo womwe. Mnyamata wa ku Mulanje akuti aganiza kaye.

Ine wanu,

Wowongola ndi kuwotcherera bodi,
Booysens, Johannesburg